Mtengo Umene Amalume Anandilozera

Amayi, kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ndine Filipo. Ndayamba ndi kudzitchula dzina chifukwa papita zaka zisanu chichokereni inu, ndipo sindidziwa ngati kumeneko mawu a mwana amakumbukikabe. Ndili ndi nkhani yolemera, ndipo nkhani yake ndi ya malo amene mwagona inuyo. Koma inu munkadana naye munthu wofika pakhomo nkuyamba ndi zoipa asanakhale pansi, ndiye ndiyambe ndi zabwino.

Ndinakwatira. Mpongozi wanu ndi Elube, mwana wa anthu a tsidya la mtsinje aja amene anafika pambuyo pathu kuchokera kwa Mpwitikizi. Esiteti ndi yomweyi, bwana ndi yemweyu, ndiye sindinapite kutali. Mukanamukonda Elube. Kalongonda amamuphika tsiku lonse ndi kutaya madzi kawiri monga munkachitira inu, osati zothamanga za Maliya mwana wanu, zimene zinatizunguza mitu tonse chaka chija mpaka inu munagona pakhonde mukuseka.

Tili ndi mwana wamkazi wa miyezi isanu. Ndamupatsa dzina lanu. Sindililemba pano, mukulidziwa. Maso ndi a amake, koma makutu ndi athu, aja oimirira. Akuyamwa bwino, kungoti chifuwa chake sichikundisangalatsa. Chiperoni chikatsika m'phiri amatsokomola m'mawa, kakhosi kakulira ngati kamwana ka mbuzi. Elube akuti ine ndi amene ndimamudwalitsa mwanayu ndi kumuika khutu pachifuwa nthawi zonse. Mwina akunena zoona. Inu munkati, "Iwe Filipo, munthu akangoyetsemula umayamba kale kufunsa njira ya kwa sing'anga." Sindinasinthe.

Chinangwa chachita bwino chaka chino, makaka adzaza padenga. Nandolo anadyedwa ndi mbozi, tapeza malichero awiri okha. Chimanga nchochepa, pakuti masiku a thangata, ntchito yokakamiza ya kwa bwana ija, anagwera m'nyengo yopalira, ndipo pamene ndinkabwerera kumunda kwanga udzu unali utafika m'chiuno. Mbuzi yanu yamawanga ija inafa ndi ukalamba, koma mwana wake waswa awiri. Zabwino zathera pamenepa.

Mukukumbukira tsiku limene ananditenga kukasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya Jeremani. Munandiperekeza mpaka pa mseu. Nditabwera ndinapeza nyumba yanu yagwa kale, inu mutamwalira mvula ziwiri zapitazo. Amalume a Tomasi, alongo anu, anandigwira dzanja m'mawa mwake, nkukwera nane kunkhalango ya kumtunda, kupitirira nazale ya tiyi. Anaima pansi pa kachere wamkulu nati, "Mayi ako ali apa." Ndinafunsa kuti nanga mtumbira uli kuti, nanga mtsuko umene amaswera pamanda a mkazi uli kuti? Anati mvula ya kuno siisiya kanthu. Ndinakhulupirira. Mutu wanga unali usanabwereko kunkhondo, ndipo amene ankanenawo anali amalume.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikusesa pansi pa kachereyo mwezi ndi mwezi. Tikakolola ndimathira ufa ndi thobwa pang'ono. Aphunzitsi a ku tchalitchi amati zimenezo si za Akhristu, koma ine ndinaona kuti ufa wa m'dzanja limodzi sungakwiyitse Mulungu, ndipo inu simunachimwe kanthu kuti muzikhala pa zinyalala. Mwana atatuluka m'chikuta ndinamunyamula ndekha kukwera naye kumeneko, mame akundinyowetsa, nkumutukula m'mwamba kuti mumuone. Maliya anali nane tsiku limenelo. Anagwada, nalira kwambiri.

Lamulungu lapitali, titaweruka ku tchalitchi, Elube anatsikira kumtsinje waukulu kukachapa, nabwera ndi nkhuyu m'lichero. Tili pakhonde anafika a Esitere, mnzanu uja munkasinja naye, kudzaona mwana. Mukuwadziwa pakamwa pawo, sipatsekeka. Anatola nkhuyu imodzi, naing'amba pakati, nauzira tizilombo tija ta m'kati.

"Ii, nkhuyu!" anatero. "Zandikumbutsa mnzanga. Tsiku lomwe tinkamuika zinali mbwee pathunthu ponse mpaka m'munsi, ngati mtengo wavala mikanda. Adzukulu akukumba, izo zikugwera m'dzenje, phu, phu. Wina wa iwo ankatola nkumadya, mpaka a Tomasi anamukalipira kuti, kodi iwe wabwera ku maliro kapena ku phwando?"

Anaseka. Elube anasekanso. Ine sindinaseke.

Ndinafunsa a Esitere kuti, "Amayi, zinali zazikulu bwanji nkhuyuzo?"

"Ngati zomwezi."

"Pathunthu?"

"Pathunthu, nanga mkuyu umabala pati? Kodi kunkhondo anakuchotsa nzeru?"

Atatero anandiyang'ana, nasiya kutafuna. Anatulutsa kabotolo kawo ka fodya, natsegula, natsekanso osanunkhiza. Kenaka anati, "Kapena ndasokoneza ndi maliro ena. Ukalamba, mwanangu."

Ndinati, "Maliro ena ati? Mwa anthu athu amene tinadzera limodzi, amayi ndiwo anayamba kufa kuno, ndipo amene anatsatira tinawaika ndilipo."

Anabweza mwana kwa Elube nati asiya nyemba pamoto.

Amayi, mitengo iyi munandiphunzitsa ndinu. Pa ulendo uja wothawa kwa Mpwitikizi, njala itatigwira m'njira, munkandikweza m'mitengo kuthyola zipatso, inu muli pansi ndi Maliya kumbuyo. Munkati, "Usamangoona masamba, mwanangu. Yang'ana pomwe chipatso chatulukira. Cha pathunthu nchokhutitsa, cha kunsonga nchodya mbalame." Zimenezi ndinkazidziwa ndili wamfupi ngati mtondo. Koma pamene amalume anandilozera mtengo, palibe anandiuza dzina la mtengo umene munagona pansi pake, ndipo ine sindinafunse. Munthu amafunsa bwanji amalume ake kuti, kodi mukunena zoona?

Lolemba nditatsiriza mgwazo wanga wa ntchito ya tsikulo ndinakwera kwa kachere uja. Ulendo uno sindinapite ndi tsache. Ndinapita ndi maso. Masamba ake ndi aang'ono, osalala, owala ngati anyowa, m'mbali mwake mopanda mano. Zipatso zilipo, koma nzazing'ono ngati nandolo, zobisala m'masamba kunsonga kwa nthambi. Zimenezo sizingagwe nkumveka phu, ndipo mdzukulu wanjala sangawerame kuzitola. Ndinazungulira thunthu kawiri ndikulisisita ndi dzanja, kufuna tinthambi tija topanda masamba timene nkhuyu zimalendewera. Palibe ngakhale chipsera. Thunthu lakelo si thunthu lenileni, ndi mizu yolukanalukana imene inatsika kuchokera m'mwamba nkukulunga mtengo wina. Mtengo winawo unafa kale nkuwola, m'kati mwangotsala mphako.

Kenaka ndinachita chimene ndikanachita tsiku loyamba lija. Ndinatenga chikwanje nkuyamba kubaya pansi, pamalo pomwe ndinkasesapo. Pena paliponse muzu. Ndikasuntha phazi limodzi, muzu. Ina yaikulu ngati ntchafu, yopingasana ngati mphasa, yopanda bala la nkhwangwa ngakhale limodzi. Pamenepo munthu sangakumbe ngakhale dzenje la nkhuku yakufa. Zaka zitatu ndikusesa, osadzifunsa kuti khasu la adzukulu linalowa pati. Ndinakhala pansi. Tiufa timene ndinathira mwezi watha tinali tikadaoneka m'ming'alu ya mizu, nyerere zikututa.

Nditatsika ndinapita kwa Maliya. Ndinamupeza akusinja. Sindinamupatse moni, ndinangogwira munsi uli m'mwamba.

"Amayi ali kuti?"

Anayang'ana kumbali. "Achimwene, amalume anatiletsa."

"Sindinafunse za amalume."

Ndiye anandiuza, akulira. Anati anakuikani m'nkhalango ya m'munsi, m'mbali mwa kamtsinje, pansi pa mkuyu umene inu munkaukonda chifukwa cha mthunzi wake mukamachokera kotunga madzi. Mvula itatha, bwana anafuna nkhalango imeneyo idulidwe kuti pakhale munda wa fodya. Anasonkhanitsa anthu nafunsa ngati muli manda m'menemo, pakuti manda a Amang'anja amene anawapeza kuno amawasiya ndi mitengo yake, safuna milandu ya ku boma. Amalume anali atangolandira kumene jekete ndi wezulo ya ukapitawo. Amene anayankha ndi iwo. Anati mulibe manda.

Ndinati, "Ndiye anthu onse anangokhala chete?"

"Amuna anatenga nkhwangwa."

"Nanga iwe?"

"Ife akazi tinkatuta nthambi."

Ndinamufunsa kuti andisonyeze malowo. Anati sangathe, pakuti atadula anawotcha, ndipo zitsa zinali zambirimbiri zofanana, iye sanayang'anekonso. Ndinasiya munsi. Ndisanachoke ndinamufunsa chinthu chimodzi chimene chinkandiwawa kuposa zonse. Ndinati, "Nanga tsiku lija ndi mwana, pa kachere paja, unkalira chiyani?"

Anati, "Ndinkalira inu, achimwene."

Ndinachoka, ndipo mpaka lero sitinalankhulane.

Amayi, munda wa fodya wa m'munsiwo ndi umene ine ndimagwiramo thangata. Chibwerereni kunkhondo ndalima m'menemo nyengo zitatu. Ndipo Lachiwiri m'mawa, poitana maina, amalume analengeza mawu a bwana kuti fodya watha m'munda umenewo, chaka chino mubzalidwa tiyi. Tiyi safuna zitsa, akuti mizu yowola imamupatsira matenda. Ndiye zitsa zonse zizulidwe mvula isanagwe, kuyambira Lolemba likubwerali. Kuzula chitsa inu simunakuone. Amuna anayi amakumba mozungulira mpaka m'chiuno, pena kupitirira, nkumataya kunja chilichonse chimene khasu lapeza. Amalume ananena zimenezi ndi mawu awo a masiku onse, akuyang'ana m'buku.

Lachitatu masana, anzanga atakhala pamthunzi, ndinatsikira m'mbali mwa kamtsinje. Zitsa zambiri zinafa kale, chiswe chinadya. Koma zitatu zimaphukabe chaka ndi chaka, ndipo chaka ndi chaka timazisadza ndi zikwanje. Ndinayamba ndi cha kumtunda. Ndinathyola mphukira, panatuluka timadzi toyera ngati a pachitsime, popanda utomoni. Umenewo si mtundu wa mkuyu konse. Chachiwiri chinatulutsa utomoni woyera ngati mkaka. Koma masamba ake anali aang'ono osalala aja, opanda mano. Kachere winanso.

Chachitatu ndi chachikulu, amuna anayi angakhalepo osakhudzana. Mphukira zake zinali zitafika m'chiuno. Masamba a kunsonga, anthete, anali ofiirira ngati chibangili cha mkuwa. Okhwima anali aakulu ngati chikhatho changa, m'mbali mwake muli mano otalikirana. Ndinathyola limodzi, utomoni unatuluka nkundimata zala. Komabe ndinati masamba okha sakwanira. Ndinagwada nkupatula udzu m'munsi mwa chitsacho. Pakhungwa penipeni, pafupi ndi dothi, panali kanthambi kopanda tsamba, kopindikapindika, ndipo pa kanthambiko panalendewera nkhuyu zisanu ndi imodzi, zaziwisi, zokula ngati chala chachikulu cha kuphazi. Mtengo anaudula, anauwotcha, takhala tikuusadza, koma ukubalabe pathunthu.

M'mbali monse mwa kamtsinjeko mkuyu ndi umenewo wokha. Ndinayenda kukwera ndi kutsika kuti nditsimikize.

Mbali ya kotulukira dzuwa, mapazi atatu kuchokera pa chitsa, dothi ndi lotitimira pang'ono, utali wa munthu wogona. Mizere ya fodya inadutsa pomwepo. Ndikuganiza kuti ina ndinaunga ndine. Ndinapalasa ndi dzanja nkupeza kaphale kakang'ono ka mtsuko. Sindingalumbire kuti ndi ka mtsuko wanu, mapale m'minda muno ndi ambiri. Koma madzulo ndinapita kwa a Esitere nkuwauza kuti akapanda kubwera ndikawanyamula. Anabwera ndi dengu ngati akufuna ndiwo. Anaima, nayang'ana chitsa, nayang'ana mwala umene uli m'madzi, nati, "Ndi pompa. Mutu uli uku." Kenaka anagwada nakuitanani dzina lanu la paubwana, lija la Chilomwe, limene ine sindinalimvepo chichokereni kwathu.

Pa chitsa chimenecho, Amayi, ndakhalapo kangati ndikudya chinangwa chowotcha? Ndanolerapo chikwanje. Mphukira zake ndadula ndi dzanja langali katatu, ndikutukwana kuti mtengo wosamva. Inu muli pomwepo, mapazi atatu.

Ndipo pano ndikufunseni inunso, pakuti si amalume okha amene ndawakwiyira. Bwanji simunandiuze? Anthu ena amayi awo amabwera kutulo kudzadandaula ngakhale za denga lothonya. Ine zaka zitatu ndikuthira ufa kwa nyerere, ndikupondaponda pamutu panu ndi khasu, inu osandilotetsa ngakhale kamodzi. Kodi munakwiya kuti sindinaliko pa maliro? Sindinapite mwa kufuna kwanga, munaona nokha mmene ananditengera. Kapena nanunso munati msiyeni Filipo, mtima wake ndi wochepa, sangapirire? Onse akhala akundisunga ngati dzira, ndipo onse akhala akundiyang'ana ndikukwera phiri ndi tsache. Mudzi wonse, Amayi. Ena ankandipatsa moni m'njira nkumati, "Mukawapatse moni amayi."

Lachinayi dzuwa likupendeka ndinapita kwa amalume. Ndinawapeza pampando wawo wa ndalema, jekete ili pamapewa ngakhale kunali kotentha. Ndinakhala pansi monga mwa ulemu. Ndinatulutsa nthambi ziwiri, ya kachere ndi ya mkuyu, ndi nkhuyu imodzi yaiwisi, nkuziyala patsogolo pawo.

"Amalume, iyi ndi nthambi ya mtengo wanji?"

"Wabwera kudzandiphunzitsa mitengo, mphwanga?"

"Iyayi. Ndabwera kudzafunsa. Inu ndi amene mumandilozera mitengo."

Anayang'ana nthambizo. Kenaka anauza akazi awo kuti apite kumtondo.

"Wakuuza ndani? Esitere?"

"Wandiuza ndi mtengo."

Anapumira m'mwamba. Anati, "Iwe unali kuti tsiku limenelo? Mzungu anandifunsa pamaso pa anthu, womasulira ali pambali. Mwezi womwewo anthu a pa esiteti ya kuseri kwa phiri anakana kudula mitengo ina, ndipo nyumba zawo zinagwetsedwa, tinawaona akudutsa pa mseu ndi mitolo pamutu. Ife tinali alendo, manda athu anali amodzi okha, opanda mfumu yowanenera. Tikanapita kuti? Kubwerera kwa Mpwitikizi kokwapulidwa? Amene wagona apoyo ndi mlongo wanga, tinayamwa bere limodzi. Ukuganiza kuti nkhwangwa itagunda mtengo uja ine ndinkaimba nyimbo?"

Ndinati, "Zodula ndikanazimva. Koma kundinamiza?"

"Unabwera mafupa okhaokha, ukunjenjemera ngati wamalungo. Ndikanakutengera m'munda wa fodya nkukuuza kuti mayi ako ali pansi pa mzere uwu? Ndinafuna ukhale ndi pogwada."

"Ndiye mwana wanga ndinamuonetsa kwa yani?"

Pamenepo anangotola nkhuyu ija nkumaizunguza m'zala.

Ndinawapempha kuti apite kwa bwana akanene zoona tsopano, chitsacho chisiyidwe ndi kadera kake. Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Anati, "Ndikamuuza lero kuti pali manda, andifunsa kuti chaka chija ndinanena chiyani. Kapitawo wonama sagona pa esiteti. Ndipo sachotsa ine ndekha, amachotsa ndi mbumba yomwe. Maliya, ana ake, iwe, ndi kamwana kako kotsokomolako. Mvula yatsala miyezi iwiri. Ukakagoneka pati?"

Ndinanyamuka osatsanzika.

Ndikuuzeni zoona zonse, pakuti mwanamizidwa mokwanira. Lachisanu m'mawa ndinavala malaya a ku tchalitchi nkuuyamba ulendo wa ku ofesi, kuti ndikanene ndekha. Mawu ndinali nditawakonza. Ndinafika mpaka pa mlatho wa matabwa, pomwe denga la malata limayamba kuonekera. Pamenepo ndinakumbukira anthu amene ndinawaona kunkhondo akugona m'mbali mwa njira mvula ikuwagwera, ndi ana amene sankadzuka m'mawa. Ndinaona Elube ali ndi mtolo pamutu, mwana kumbuyo, chiperoni chikuwomba. Ndinaima pa mlathowo mpaka belu la ntchito linalira, kenaka ndinabwerera kukavula malaya.

Ndiye onani, Amayi. Ndakwiyira amalume sabata yonse chifukwa anasankha amoyo nkusiya inu, ndipo ine nditafika pa mlatho ndinasankha chimodzimodzi. Kusiyana kwake nkwakuti ine ndikukuuzani. Sindikudziwa ngati kusiyana kumeneko nkokwanira. Iwo sindinawakhululukire. Chodula mtengo mwina tsiku lina ndidzachiiwala, koma cha tsache chija iyayi.

Dzulo ndinabwereranso kwa amalume. Sindinakhale pansi. Ndinati, "Chitsa cha mkuyu mundipatse ine. Ndekha. Munthu wina asayandikeko ndi khasu. Ndipo mundipatse masiku anayi, pa tikiti yanga ya ntchito mulembe zimene mukudziwa kulemba."

Anati, "Chitsa chimenecho ndi cha amuna anayi. Uthyoka msana."

"Msana ndi wanga."

Anavomera osandiyang'ana. Ndikutembenuka anandiitana, nalowa m'nyumba, natuluka ndi nkhwangwa yawo yaikulu ija ya ku sitolo. Ndinaganiza zokana. Koma yanga ndi yobuntha ndipo mpini wake ndi wosweka, ndiye ndinailandira. Sindinathokoze.

Mmene ndichitire ndi umu, kuti mudziwiretu. Ndikumba mbali zitatu, ya kumtsinje, ya kumtunda ndi ya kolowera dzuwa. Mbali yanu sindiikako khasu. Mizu ya kumeneko ndiidulira pa chitsa penipeni ndi nkhwangwa, yotsalayo ikhale momwemo ndi inu, pakuti bwana saona za pansi pa dothi. Chitsa ndichigwetsera kumtsinje. Ndinafunsa mmodzi wa adzukulu aja, yemwe ankadya nkhuyu uja, kuti anakumba kufika pati. Akuti anasiya dzenje litamufika m'chifuwa, chifukwa cha mizu. Maenje a tiyi amalekeza m'mawondo. Ndayeza ndi ndodo kawiri, pakati patsala dothi lokwanira. Nthawi yobzala ikafika ndidzapempha mzere umenewo ukhalenso wanga. Ngati mizu yotsalayo idzapha mitengo ya tiyi iwiri kapena itatu pamwamba panu, mitengoyo ife ndithu, sindidzaibwezeretsa msanga.

Malo ndawasunga m'mutu ndi zinthu zimene sangazule. Kuchokera pa mwala wa m'madzi, mapazi khumi ndi anayi kuloza pomwe dzuwa limatulukira nyengo ino. Ndamuwerengetsa Elube mpaka waloweza. Ndadulanso mphukira imodzi yokhwima nkuizika kuseri kwa nyumba yathu, pamene timataya madzi otsukira. Mkuyu suvuta kugwira. Ndikukulonjezani kuti mdzukulu wanu akadzayamba kuyenda ndidzamusonyeza tsamba lake, utomoni wake ndi pomwe nkhuyu zimatulukira, kenaka ndidzatsika naye kumtsinje tiwerenge mapaziwo pamodzi. Iye asadzachite kulozeredwa ndi munthu.

Mumuyang'anire chifuwa chake, tsopano poti mwadziwa kuti alipo.

Lolemba m'mawa mukamva nkhwangwa pafupi ndi mutu wanu, musadzidzimuke. Ndine, ndipo ndidula pang'onopang'ono.

Mwana wanu wokukondani,
Filipo